Atasiya Kunjenjemera Anamuimbira Nyimbo

Amene anandiphera mkazi ndi mlamu wanga, mlongo wake weniweni wa mkazi wangayo, bere limodzi. Sindikunena za ufiti ayi. Ku Kaporo kuno munthu ukangoti wakuti anapha wakuti, anthu amathamangira za ufiti, kenako atenga zikwanje. Ine zimenezo ndilibe nazo ntchito. Alamu anga si mfiti. Anamupha ndi njala komanso madzi a mumtsinje, poyera kunja kutacha, anthu akuimba nyimbo za Mulungu. Ndipo mpaka lero akulalikira kuti anamuchiritsa.

Ndikanatha kungokhala nazo mumtima mpaka nane ndidzapite. Koma tsopano afika pa mwana wanga. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa, pano akuyamwitsa. Amapemphera kutchalitchi chimene amalume akewo anayambitsa. Amuuza kuti chimene chinali mwa mayi ake chasamukira mwa iye, ndiye mpunga ukangokololedwa, kukayamba kuzizira, naye asale kudya akamumize. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba izi. Sukulu ndinalekera kupulayimale. Chichewa changa n'chotola pamsika ndi kuchipatala. Wofuna kuseka aseke.

Ine ntchito yanga ndi ngolo. Ndili ndi ng'ombe ziwiri zokoka, nthawi yokolola ndimatutira anthu mpunga kuchokera kumunda kupita kunyumba kapena kuchigayo. Mkazi wanga ankalima, ankaphikanso mbalaga, nthochi zophika ndi nyama, n'kumagulitsa pamsewu kwa oyendetsa malole. Anali munthu wathupi, wamawu akulu. Akaseka ankamveka kutsidya kwa msewu.

Ndiye anadwala chifuwa chachikulu. Anawonda moti mphete ya mkuwa imene ankavala inkagwa yokha akamasamba m'manja. Kuchipatala anamupatsa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ndipo ankamwa, ine ndimaona ndi maso anga. Chifuwa chinayamba kuchepa. Anayambanso kupempha chakudya. Tsiku lina anandituma chambiko, mkaka wowawasa uja, anadya ndi mpunga mbale yonse n'kunditukwana kuti ndagula wochepa. Ndinasangalala. Munthu wodwala akayamba kukutukwana, dziwa kuti akubwerera.

Chimene chinatsala ndi kunjenjemera. Kukangowomba kamphepo, iye ankanjenjemera mpaka mano kugundana, chonsecho ife tili pamalaya okhaokha. Timamufunditsa bulangeti, timamupatsa tiyi, pakapita kanthawi zimatha.

Alamu anga ataona zimenezo anati ayi, ichi si chifuwa. Anati ndi vimbuza za agogo awo, ndipo vimbuza ndi ziwanda basi, mapiritsi sangazichotse. Alamuwa kale ankasoka zovala pa khonde la sitolo. Kenaka anati alota maloto, anagula mkanjo woyera, anamanga chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba yawo. Polalikira amalalikira m'Chichewa, eti kuti amveke ngati a pa wailesi, ngakhale onse okhala pamabenchi aja kunyumba kwawo amalankhula Chinkhonde. Ndinawauza pakhomo panga kuti, "Alamu, mlongo wanuyu ali pa mankhwala. Mupemphererani pompano, ine sindiletsa pemphero. Koma musamutenge."

Anaseka. Anati, "Alamu, inu mumadziwa za ng'ombe. Za mzimu tisiyireni ife."

Mwezi wa Juni ndinapeza ntchito yotuta mpunga cha ku Iponga. Kunali kutali kuti ng'ombe zizibwerera tsiku lililonse, ndiye ndinkagona komweko. Kunyumba ndinasiya mwana wanga uja kuti aziyang'anira mayi ake. Nditangochoka, alamu anabwera n'kuwatenga onse awiri. Anauza mwanayo kuti asandiimbire foni, ati satana amalowera pa anthu okayika.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake, kwa mwana wanga yemweyo, akuzifotokoza monyadira. Anamuletsa mayi ake chakudya masiku angapo. Madzi okha, pang'onopang'ono. Mapiritsi anawaika pambali. Ankagona pasimenti m'chisakasa muja pamodzi ndi amayi ena. Akapempha phala ankamuuza kuti si iye akupempha, ndi chiwandacho chikumva njala.

Tsiku lomaliza anapita naye kumtsinje m'mawa, dzuwa lisanakwere. Anthu akutali amati ku Karonga n'kotentha, ndipo n'zoona, mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa. Koma mtsinje wathu umatsika kumapiri a ku Misuku. Mu Juni m'mawa ukaponda madzi amenewo mafupa a m'miyendo amawawa. Ng'ombe zanga zomwe zimayamba zaima kaye zisanawoloke. M'menemo ndi m'mene anamulowetsa munthu wotsala mafupa, wosadya, atavala mkanjo wopyapyala. Sanangomumiza n'kumutulutsa ayi. Anamuimika m'madzi ofika pachifuwa, amuna awiri atamugwira m'mikono, alamu akukuwa kuti tuluka, tuluka. Iye akunjenjemera. Akamanjenjemera kwambiri, iwo ankati chagwidwa, chikulimbana, onjezani nyimbo. Atatopa anamugoneka pamkeka m'mphepete mwa mtsinje, pamthunzi wa mtengo wa mango, ndi mkanjo wonyowa womwewo, mwera ukuwomba. Ankadikira kuti chituluke.

Ndiye anasiya kunjenjemera.

Foni yanga inalira ndili pakati pomangirira matumba pangolo. Anali mwana wanga, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe.

"Adada! Adada, amama achira! Chatuluka! Bwerani mudzaone, agona phee ngati mwana."

"Muli kuti?"

"Kumtsinje, kwa asibweni."

Asibweni ndiwo amalume akewo. Ndinasiya ng'ombe m'manja mwa mwini mpunga, ndinakwera njinga yamoto.

Nyimbo ndinazimva ndisanawaone anthuwo. Anali atamuzungulira, akuomba m'manja, ena akulira ndi chisangalalo. Ndinawakankha. Mkazi wanga anali chigonere, maso otsegula pang'ono, milomo yotuwa ngati phulusa. Chitenje chimene mayi wina anamufunditsa anali atachikankhira kumbali, ndipo dzanja lake linkakoka mkanjo pakhosi ngati akufuna kuvula. Ankalankhula m'Chinkhonde, lilime lolemera ngati woledzera, munthu amene mowa sanaulawepo. Ankati akupsa. Akupsa.

"Mwamva alamu?" anatero alamu anga, thukuta lili kamukamu pamphumi. "Mwadzimvera nokha? Moto wa Mzimu umenewo! Munkakana chiyani?"

Ndinagwada n'kumugwira pamimba. Ndakhala ndi mkazi ameneyo kuyambira ndili mnyamata, thupi lake ndimalidziwa kuposa langa. Pamimba pa munthu wamoyo sipazizira. Manja amazizira, mapazi amazizira, koma pamimba ayi. Iye pamimba pake panali ngati mtsuko wa madzi.

"Wadya liti munthuyu?"

Anthu anapitiriza kuomba m'manja.

"Ndikufunsa, wadya liti?"

"Wadya mawu a Mulungu," anatero alamu.

Sindinawamenye. Anthu ena amanena kuti ndinawamenya, bodza. Manja anga anali ndi ntchito ina. Ndinauza amayi awiri kuti amuvule chonyowacho, ndinamukulunga m'jekete langa ndi zitenje zimene ndinalanda kwa oimbawo, ndinamunyamula. Sanalemere kuposa mtolo wa udzu. Alamu ankanditsatira m'mbuyo akunena kuti ndikuwononga ntchito yatha kale, ndikamutengera kwa anthu osapemphera chiwanda chibwerera ndi zinzake zisanu ndi ziwiri. Pamsewu ndinaimitsa lole ya ogula mpunga. Anatikweza pamwamba pa matumba. Ndinamukumbatira njira yonse, chifuwa changa pamsana pake. Mwana wanga anakwera nafe, akulira, koma ankalirira kuti ndawachititsa manyazi asibweni ake.

Kuchipatala tinapeza adokotala achizimayi, a ku chigawo chapakati, Chinkhonde sankachimva. Anamuika kachipangizo koyezera kutentha kukhwapa. Anakayang'ana, anakagwedeza, anakaikanso. Anaitanitsa kena. Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, mayiwa anagwera m'madzi?"

Ndinati sanagwere. Anawaikamo.

Achipatala anathamanga naye ndithu, sindingawanamizire. Mabulangeti, mabotolo a madzi ofunda m'mbali, diripi ya shuga. Ine ananditulutsa panja. Dzuwa litapendeka anatuluka n'kundiuza kuti mtima waima.

Pamaliro mwamuna woferedwa salankhula, amangokhala pansi. Ndiye ndinakhala pansi pakhomo panga, n'kumamva alamu anga ataimirira pafupi ndi bokosi akuuza khamu lonse kuti mlongo wawo wapita woyera. Anati anthu ambiri anaona ndi maso kunjenjemera kukutha, anamva ndi makutu iye akuchitira umboni za moto. Anati Mulungu anamuyeretsa kaye kenako n'kumutenga, kuti chiwanda chisamupezenso. Anthu anati ameni. Abale anga anandigwira mwendo kuti ndisadzuke.

Ine panthawiyo ndinkadziwa kuti akunama, koma sindinkadziwa kuti bodzalo lili pati. Nanga si ndinamumva ndekha akuti akupsa? Zinkandizungulira m'mutu ndikamayenda ndi ngolo. Munthu wozizira ngati mtsuko anganene bwanji kuti akupsa?

Patapita masabata, ndikusesa m'nyumba, ndinapeza mapiritsi ake otsala amene mwana wanga anabwera nawo kuchokera kwa amalume ake. Kutaya ndinaopa, ana a anthu angatole. Ndinapita nawo kuchipatala kukabweza. Adokotala aja anandizindikira. Anali akudya chinangwa chophika pabenchi kuseri, nthawi yopuma. Anandisendezera malo.

Ndinawafunsa mosazungulira. "Adokotala, mkazi wanga chinamupha n'chifuwa?"

Anati chifuwa chinamufooketsa, koma chinali chikumvera mankhwala. Anati chimene chinaimitsa mtima ndi kuzizira.

"Kuzizira kumapha munthu ku Karonga?"

"Bambo, mukuganiza kuti thupi lanu limafunda ndi chiyani? Dzuwa?"

Ndinati kaya, mwina magazi. Kunena zoona ndinali ndisanaganizepo. Munthu wamoyo amafunda, wakufa amazizira, basi.

Ndiye anandifotokozera, pang'onopang'ono, ngati mmene umaphunzitsira ng'ombe yatsopano goli. Ndilemba mmene ndinamvera. Anati thupi lonseli, nyama, chiwindi, mtima, ubongo, linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, amati maselo. M'kati mwa kachipinda kalikonse muli timbaula tambirimbiri. Chakudya chimene timadya chimagayidwa, chimasanduka shuga ndi mafuta, magazi amazinyamula kukasiya pakhomo pa kachipinda kalikonse. Mpweya umene timapuma nawonso magazi amaunyamula kupita komweko. Zikakumana m'timbaula tija, chakudyacho chimapsa. Osati ndi lawi ayi, chimapsa pang'onopang'ono, mwakachetechete. Mphamvu yotuluka pamenepo ina imayendetsa mtima ndi miyendo, ina imangotuluka ngati kutentha. Kutentha kumeneko ndiye kufunda kwa munthu.

Ndinawauza kuti kuchigayo kwathu kuli mulu wa mankhusu a mpunga umene umanyeka m'kati miyezi, pamwamba osaona moto, koma ukapondapo umapsa phazi. Anaseka pang'ono, anati eya, ganizani choncho, kungoti wa m'thupi ulibe ngakhale utsi, utsi wake ndi mpweya umene timatulutsa popuma.

Anati ng'ombe zanu n'chimodzimodzi, mbuzi, nkhuku, mbewa. Zonsezo zimadziwotchera moto wake m'kati, n'chifukwa chake sizisiya kudya. Koma ng'ona ndi buluzi moto wake ndi wochepa, n'chifukwa chake mumaziona zitagona padzuwa m'mawa, ndipo ng'ona ikhoza kukhala nthawi yaitali osadya. Munthu si ng'ona. Moto wake sugona, ndiye nkhuni zisamathe.

Apo ndinayamba kuona. Ng'ombe zanga zikakoka ngolo yodzaza m'matope, ukaika dzanja pakhosi pake pamatentha, m'mawa wozizira mpaka nthunzi imafuka pamsana. Ndinkangoti zatopa. Kani ndi udzu wa dzulo ukupsa m'minofu.

"Nanga kunjenjemera?" ndinafunsa.

Anaika chinangwa pansi. Anati kunjenjemera si matenda, si mzimu. Thupi likaona kuti kutentha kukuthawa, limalamula minofu kuti igwire ntchito msangamsanga popanda kupita kulikonse, kuti timbaula tija tiyake kwambiri. Kuli ngati kukupizira moto. Anati akazi anu ankanjenjemera ndi kamphepo kakang'ono chifukwa mafuta a pansi pa khungu, amene amasunga kutentha ngati bulangeti, anali atatha ndi matenda. Thupi lawo linkadziteteza. Koma kukupiza kumadya nkhuni. Chiwindi chimasunga shuga pang'ono, kankhokwe kakang'ono, munthu akasiya kudya sikachedwa kutha. Kakatha, thupi limatembenukira ku mafuta. Iwo mafutawo analibe. Ndipo madzi amakoka kutentha m'thupi msanga kuposa mphepo, chovala chonyowa pamphepo chimapitiriza kukoka ngakhale munthu watuluka kale m'madzimo.

"Ndiye atasiya kunjenjemera paja?"

"Nkhuni zinali zitatha, bambo. Ife munthu wozizidwa akamanjenjemera timati alipo, akulimbana. Akasiya asanafunde, ndi pamene timathamanga."

Pamenepo ndi pamene alamu ndi anthu awo anakweza nyimbo.

Kenaka ndinafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere chija, zoti ankati akupsa. Adokotala anati zimachitika ndithu kwa anthu ozizidwa kwambiri, ena amafika povula zovala zonse. Anati poyamba thupi limatseka timitsempha ta pakhungu kuti magazi ofunda akhale m'kati, kwa mtima ndi ubongo. Likafooka limalephera kugwira, timitsempha timatseguka, magazi otsala ofunda aja amathamangira kukhungu lozizira, munthu n'kumva ngati wayandikira moto. Ubongo nawonso umakhala utasokonezeka ndi kuzizira. Anati kumeneko ndi kutentha komaliza kukutuluka.

Ndiye umboni umene alamu anga amalalikira mpaka lero ndi umenewo. Kutentha komaliza kwa mlongo wawo kukutayika pamkeka, iwo ataimirira pambali ndi mkanjo wouma.

Ndinapita kwawo. Ndinawapeza akudya, mpunga ndi nyama ya nkhumba, mafuta ali chezichezi pamilomo. Ndinawafotokozera zonse mmene ndalemberamu, timbaula, shuga, minofu. Anandimvetsera akutafuna. Nditamaliza anati, "Alamu, chisoni chakupwetekani mutu. Tizipinda timeneto munationa inu?"

Ndinati, "Nanga chiwandacho munachiona inu?"

Anati achipatala amadziwa za nyama, iwo amadziwa za mzimu. Anati Yesu anasala kudya m'chipululu. Ndinati Yesu sanali pa mapiritsi a chifuwa, ndipo m'chipululu munalibe mtsinje wa ku Misuku. Akazi awo anandiuza kuti ndituluke, ndikunyoza kudzoza.

Ndimamva kuti kuyambira nthawi imeneyo amizanso ena. Sanafe. Anali anthu athupi lawo, achinyamata, ananjenjemera, anatuluka, anakadya kunyumba. Ndiye alamu amati mwaona, bwanji awa sanafe? Ng'ombe yonenepa imawoloka mtsinje umene yowonda imagweramo, zimenezo mwana aliyense woweta amadziwa.

Mwana wanga si wathupi. Anatengera ine, ndi wowonda chibadwire, ndipo khanda likumuyamwa usana wonse. Chakudya chimene amadya chikufunditsa anthu awiri. Miyezi yapitayi anadwala malungo, ananjenjemera monga amanjenjemerera aliyense wa malungo, amalume ake n'kunena kuti taonani, chabwerera m'banja. Mwamuna wake ndi woimba ng'oma kutchalitchi komweko, sangatsutse. Ndinapita kukalankhula naye mwanayo. Ndinamutengera nthochi ndi nsomba. Ndinamuuza kuti tiye kwa adokotala aja ukamve wekha.

Anati, "Adada, ine ndinalipo. Inu munafika mochedwa. Ndinaona amama akupeza mtendere, nkhope yawo inasalala."

"Mama, kunali kufa kumeneko."

"Inu mumafuna ndikhulupirire kuti ndinkaimba amama akufa? Kuti ndinkaomba m'manja?"

Analira. Pamenepo ndiye pali mfundo. Kuti avomere zanga, ayenera kunyamula chinthu cholemera kwambiri, ndipo si iye woyenera kuchinyamula. Anali mwana womvera amalume ake. Anauzidwa kuti imba, anaimba. Kwa ine sangamve. Kwa adokotala sangamve, amati ndi anthu obwera, sadziwa za kuno. Pali pakamwa pamodzi pokha pamene angamve.

Mpunga wayamba kucha m'minda. M'mawa kwayamba kale kachisanu.

Alamu, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi, anthu anu ndi ambiri. Sindikufuna ng'ombe yanu ya chipepeso. Kupolisi sindinapite ndipo sindipita, mlongo wanu sangadzuke chifukwa inu mwagona m'chitolokosi. Tchalitchi chanu khalani nacho, mkanjo wanu valani. Chimene ndikufuna ndi ichi. Mubwere pakhomo panga masana, muvule mkanjowo, mubwere ngati malume. Mwana wa mlongo wanu akhale pamkeka ndi khanda lake. Mumuyang'ane kumaso, mumuuze m'Chinkhonde, chilankhulo chimene munkalankhula ndi mayi ake muli ana, osati Chichewa chanu cha paguwa. Mumuuze kuti mayi ake sanachire tsiku lija, anazizidwa. Mumuuze kuti amene analakwa ndinu, osati iye. Ndipo mumuuze kuti kumtsinje sapita, adye.